Usiku Umene Tinasowa Pogona ku Zomba

Mwana wanga woyamba atatumiza mawu akuti tsiku lolandira digiri yake layandikira, ndinakhala pansi kuwerengera ndalama za ulendo, za chakudya, ndi za chitenje chatsopano cha amayi anga. Za pogona sindinaganizeko konse. Ndinati mumtima mwanga, Zomba anali likulu la dziko lino kufikira 1975. Mlendo angasowe bwanji chipinda kumeneko?

Amayi anga ndi okalamba, ndipo miyendo yawo imatupa. Komabe anakana kutsala, pakuti ndiwo anagulitsa nandolo wawo kuti mdzukuluyo alowe Fomu 1. Tsono tinanyamuka pa Balaka masana, mawa lake kuli mwambo. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinakwera zitunda za Machinga, ndi kupyola Malosa ndi Domasi. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 80, koma minibasi inaima ponseponse, kotero kuti tinatsika dzuwa litapendeka.

Sukulu ya ukachenjedeyi ili pa Chirunga. Inasamukira pamenepo kuchokera ku Blantyre m'chaka cha 1973 ikutchedwa Chancellor College, ndipo kuyambira 2021 dzina lake ndi University of Malawi. Ophunzira achuluka koposa zipinda za pasukulu, motero ambiri amachita lendi ku Chikanda. Wangayo ankagona ndi anzake atatu m'kachipinda kamodzi. Nanga pa tsiku la mwambo, pamene wophunzira aliyense aitana makolo, amalume ndi azakhali, onsewo agone kuti? Funso limeneli ndikadalipereka kwa ana a Sitandade 5 akadaliyankha, koma ine mphunzitsi wamkulu silinandifikire m'mutu.

Tinayenda nyumba za alendo zinayi. Pa yachitatu amayi, amene aphunzira kuwerenga posachedwapa ku sukulu ya kwacha, anaima pakhomo nawerenga pepala pang'onopang'ono: "Zi-pi-nda za-tha." Anakondwa kuti awerenga okha; ine ndinachita manyazi. Pa yachinayi panali chipinda chimodzi chogundana ndi bala, ndipo mtengo umene ananditchulira unaposa ndalama zonse zotsala m'thumba langa. Za mahotela aakulu sindinena. Malipiro a mphunzitsi salowa pakhomo pake. Ndinamva bambo wina akunena kuti iye analipira chipinda chake pa foni milungu itatu yapitayo, ndi kuti anzake agona ku Liwonde, adzabwera m'mamawa.

Mdima utagwa, amayi anakhala pansi m'mbali mwa msewu, nati, "Mwananga, miyendo yakana." Pamenepo mnyamata wa kabaza anaimika njinga yake nandiyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, mwandiiwala kodi?"

Anali mwana amene ndinkamlanga kawirikawiri chifukwa cha kujomba, ndipo anasiyira sukulu mu Sitandade 6. Sanafunse zambiri. Anakweza amayi pa njinga, naikankha wapansi mpaka kwawo ku Chinamwali, ine ndikutsatira ndi chikwama. Mkazi wake anatereka madzi kuti agogo athowe miyendo, nawasiyira bedi lawo limodzi lomwelo. Ine ndi mwini nyumba tinayala mphasa pabalaza, ndipo tulo sitinabwere msanga kwa ine.

M'mawa ndinatulutsa ndalama, koma iye anabisa manja kumbuyo monga ankachitira pa mzere wa kusukulu. Anawakwezanso amayi, atavala chitenje chawo chatsopano, nakawatsitsa pafupi ndi Great Hall anthu asanachuluke.