Bwato la Agogo M'nyengo ya Dzinja

Boma la Rufunsa lili m'cigawo ca Lusaka. M'dera la Mfumu Shikabeta, m'boma limeneli, mumadutsa mtsinje waukulu wa Lunsemfwa. Madzi ake amakathira mu Luangwa, ndipo a mu Luangwa amakathira mu Zambezi.

M'mudzi wina wa m'mbali mwa Lunsemfwa mumakhala agogo aamuna, agogo aakazi ndi mdzukulu wao wamwamuna wa m'Giredi 3. Agogo aamuna ali ndi bwato la mtengo wa mbawa. Analisema okha ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Bwatoli ndilo limadyetsa banja lonse. Agogo amagwirira nsomba, komanso amaolotsera anthu kupita tsidya lina.

Caka ciliconse mvula ikayandikira, agogo amakhala ndi funso limodzi. Kodi bwato likhale m'madzi dzinja lonse, kapena alikokere kumtunda?

Funsoli ndi lovuta. M'cilimwe mtsinje umakhala wofatsa. Koma mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale, madzi amasefukira ndipo amathamanga kwambiri. Amabwera ndi zipika ndi nthambi. Cipika cikagunda bwato, likhoza kusweka. Cingwe cikaduka, bwato limapita ndi madzi.

Kumtunda nakonso kuli mavuto ake. Bwato likakhala padzuwa, mtengo umauma ndi kung'aluka. Likakhala padothi, ciswe cimalidya.

Caka catha, mu Novembala, banjali linakambirana nkhaniyi pa cakudya camadzulo.

"Ine nditi tilicotse m'madzi," anatero agogo aakazi. "Likapita ndi madzi, mtengo wina waukulu muupeza kuti? Ndiponso mphamvu zosemera zija mukali nazo?"

Agogo aamuna anapukusa mutu. "Nanga munthu akadwala tsidya lija usiku, adzaoloka bwanji kupita kucipatala? Bwato lili pano ndi limodzi cabe."

Mdzukulu uja anali cete, kumvetsera. Kenaka anafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, kodi nsomba muzigwirabe m'dzinja?"

"Iai, mdzukulu wanga," anayankha agogo. "Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma limaletsa kugwira nsomba m'mitsinje yambiri ya m'Zambia. Imeneyi ndiyo nthawi imene nsomba zimaswana. Tikazigwira tsopano, mawa tidzadya ciani?"

"Ndiye kuti bwato silizigwira nchito masiku onse," anatero mwanayo. "Bwanji tiliike kumtunda, koma pafupi ndi doko?"

Agogo aamuna anaganiza kwa kanthawi. "Wanena zanzeru. Koma bwatoli ndi lolemera. Ine ndekha sindingalibweze m'madzi likafunika."

"Kodi ndi inu nokha mumakwera?" anafunsa agogo aakazi. "Pitani mukauze a nyakwawa. Mutu umodzi susenza denga."

M'mawa mwake agogo anapita kwa a nyakwawa. A nyakwawa anaitana anthu a m'mudzi. Anagwirizana kuti bwato licoke m'madzi. Amuna asanu ndi mmodzi analonjeza kuti akaitanidwa, usana kapena usiku, adzabwera kudzalikankhira mumtsinje.

Tsiku lomwelo anayala mitengo pansi, nakokera bwato pamwamba pake. "Kokani! Kokaninso!" anafuula agogo. Analifikitsa pamalo okwera, pamthunzi wa mtengo wa mkuyu. Analivundikira pa zipika ziwiri kuti lisakhudze dothi, ndiponso kuti madzi a mvula asadikhe mkati. Nkhafi anazisunga m'nyumba.

Mdzukulu uja anapatsidwa nchito yake. Loweruka lililonse ankapita ndi agogo kukaona bwato. Ankayang'ana ngati ciswe cayamba kukwera pa zipika. Akaona njira ya ciswe, ankaiphwanya ndi kamtengo. Agogo anamuuza kuti asamapite kumtsinje yekha, cifukwa muli ng'ona ndi mvuu.

Mu Januwale kunagwa mvula masiku atatu osaleka. Lunsemfwa anadzaza. Cikhomo cimene agogo ankamangirirapo bwato cinamira, osaonekanso. Koma bwato linali phee pansi pa mkuyu.

Patapita masabata awiri, madzi anatsikako. Tsiku lina kunamveka mfuu kucokera tsidya lina. Mwana wa kumeneko anali atadwala malungo. Amuna aja anathamanga, nakankhira bwato m'madzi. Agogo anayamba ayang'ana mtsinje bwinobwino. Ataona kuti sukuthamanga kwambiri, anapalasa nakatenga mwanayo ndi amai ake. Mwanayo analandira mankhwala kucipatala ndipo anacira. Madzulo ake amuna aja anabwezera bwato pa zipika zake.

Mvula itatha mu Epulo, agogo anamata timing'alu tiwiri ndi phula. Bwato linabwerera m'madzi, ndipo m'nyumba munayambanso kununkhira ndiwo za nsomba.

Yankhani mafunso awa:

1. Kodi mtsinje wa Lunsemfwa umakathira kuti?
2. Chulani mavuto awiri amene bwato limakumana nao kumtunda.
3. Ndi cifukwa ciani boma limaletsa kugwira nsomba m'dzinja?
4. Mukanakhala inu, bwato mukanalisunga kuti? Fotokozani cifukwa cake.