Ulendo wa mafuta m'kati mwa chotupa cha mu ubongo

Glioblastoma ndi khansa yolusa kuposa zonse zomwe zimayambira mu ubongo wa munthu wamkulu. Chithandizo chake chinakhazikika mu 2005, Roger Stupp ndi anzake atatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Madokotala amayamba achotsa chotupacho pa opaleshoni, kenako wodwala amawotchedwa ndi cheza cha radiotherapy maulendo 30 pa milungu 6, uku akumwa mankhwala a temozolomide. Komabe theka la odwala m'kafukufukuyo linali litatisiya pomafika miyezi 15. Chotupa chimaphukanso, ndipo nthawi zambiri chimaphukira pomwe panawotchedwa paja. Gawo lina la chifukwa chake limaoneka potsata njira imene mafuta amadzera m'selo la khansayi.

Ulendowu umayambira pakhomo pa selo. Ubongo ndi chiwalo chonona: madzi atachotsedwa, pafupifupi theka la zotsalazo ndi mafuta. Selo la khansa limakokera ena mwa mafuta oyandikira kudzera pa zipata monga CD36, koma ambiri limadzipangira lokha kuchokera ku shuga pogwiritsa ntchito puloteni ya FASN. Kuchokera m'zaka za m'ma 1920, pamene Otto Warburg anaona kuti khansa ndi yadyera pa shuga, maso a akatswiri anali pa shugayo basi. Mafuta anachedwa kuganiziridwa.

Akalowa, mafutawo sasiyidwa kuti azingoyendayenda, chifukwa akachuluka amasanduka poizoni. Selo limawakulunga m'timadontho ting'onoting'ono, tinkhokwe tomwe timaoneka todzaza m'maselo a glioblastoma pomwe m'maselo abwinobwino a ubongo timasowa. Wotutira m'nkhokwemo ndi puloteni ya DGAT1. Mu 2020 gulu la Deliang Guo ku Ohio State University linasonyeza kuti puloteniyi ikatsekerezedwa, mafuta amasefukira n'kuwononga selo, ndipo zotupa za mbewa zoyeserapo zinachedwa kukula.

Nkhokwezi zimaonetsa ntchito yake pa tsiku lowotcha. Cheza chikadutsa m'selo chimaswa madzi a m'katimo n'kutulutsa tizidutswa tolusa tomwe timadula DNA. Timalumanso mafuta a m'khungu la selo n'kuwavunditsa, monga amachitira mafuta a chiwaya omwe akazingira tchipisi masiku angapo osasinthidwa: amada, amanunkha, ntchito yawo yatha. Khungu likavunda chotero selo limafa, imfa yomwe Brent Stockwell ndi Scott Dixon anaitcha ferroptosis mu 2012. Koma mafuta osachedwa kuvunda akabisidwa m'nkhokwe, tizidutswa tija timapeza pochepa poluma. Powonjezera apo, pakati pa chotupa pamaperewera mpweya wa okosijeni, ndipo selo losowa mpweyawu limapirira cheza pafupifupi katatu kuposa linzake.

Moto ukadutsa, selo lopulumuka limatsegula nkhokwe. Puloteni ya CPT1 imanyamula mafuta kupita nawo ku mitochondria, ng'anjo za selo, komwe amaduliridwa pang'onopang'ono n'kutulutsa mphamvu. Mphamvuyi ndiyo imasokera DNA yodukayo. Kuyaka kwa mafutaku kumathandizanso selo kubwezeretsa glutathione, mankhwala ake ozimitsira tizidutswa tolusa tija. Motero mafuta omwewo ndiwo kamba, ndiwonso madzi ozimira moto.

Pali chinanso chochenjera. Mu 2022 akatswiri a ku University of California, Davis analemba m'magazini ya Nature Communications kuti maselo a glioblastoma opirira cheza akamawotcha mafuta kwambiri, amachulukitsanso puloteni ya CD47 pakhungu pawo. Puloteniyi ili ngati chiphaso choonetsa kwa asilikali a m'thupi otchedwa macrophage, omwe ntchito yawo ndi kumeza maselo owonongeka: akaiona amalambalala. Akatswiriwo ataphatikiza mankhwala a etomoxir, otseka CPT1, ndi ena ophimba CD47, zotupa zobwereranso m'mbewa zinagonja kuposa kale.

Mbewa si munthu. Etomoxir anayesedwapo kale pa odwala mtima, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa chifukwa ziwindi za ena zinayamba kuonetsa zizindikiro zovulala. Komanso ubongo uli ndi mpanda wake pa mitsempha ya magazi, womwe umakaniza mankhwala ambiri kulowa, ndipo mtima ndi minofu nazonso zimadalira kuwotcha mafuta. Kupeza mankhwala otseka ng'anjo ya chotupa osazimitsa ya mtima ndiyo ntchito yomwe ikadali m'malabotale.

Wosamalira wodwala asathamangire kuchotsa mafuta ophikira kapena nsinjiro m'ndiwo poganiza kuti akupha chotupa ndi njala. Selo la khansa limadzipangira mafuta ake kuchokera ku shuga wa m'magazi, pamene wodwala amene akuwotchedwa amafunika kudya mokwanira kuti amalize maulendo 30 aja.