Kachitsulo ka Miyendo Itatu

Pa ukwati, pa chinkhoswe ngakhale pa msonkhano wa chitsitsimutso, anthu amayamikira woyimba ndi mlaliki, ena n'kumasirira kukula kwa masipika, koma palibe amene amaganizako za kachitsulo ka miyendo itatu kamene kamasenza mawu onsewo. Mmisiri wina wa ku Ndirande, amene wakhala akupanga maampulifaya ndi manja kwa zaka zoposa 20, amati mbiri yake yonse yagona pa kachitsulo kameneka. Dzina lake ndi transistor, ndipo ntchito yake ndi kulandira kamawu kofooka kochokera ku maikolofoni n'kulola magetsi amphamvu kudutsa motsanzira kamawuko kufikira atagwedeza sipika.

Pamene mmisiriyu ankaphunzira ntchito, mfumu ya matransistor inali 2N3055, imene kampani ya RCA ya ku America idatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Iyi ili ndi chipewa chachitsulo ndi miyendo iwiri yokha, pakuti thupi lake lomwelo ndilo mwendo wachitatu. Pambuyo pake kudabwera awiri a kampani ya Toshiba ya ku Japan, 2SC5200 ndi 2SA1943, amene amagwira ntchito monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akamatsitsa munsi, mnzake amakweza. Malinga ndi opanga, iliyonse imapirira mavoti 230, maampeya 15 ndi mawati 150, pokhapokha itamangidwa bwino pa chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha. Kutchuka kwa nambala zimenezi ndiko kudaitana achinyengo, moti msika udadzala ndi matransistor ovala dzina la Toshiba amene sadapondepo pakhomo la Toshiba.

Tsiku logula, mmisiriyu amakwera minibasi ya ku Limbe atanyamula mita yake ndi transistor imodzi yakale imene adaichotsa mu ampulifaya ya ku Japan yowonongeka. Imeneyi ndiyo mboni yake. Amaika yakaleyo m'dzanja limodzi, yatsopano m'dzanja lina, n'kumva kulemera kwake. Amayang'ana zilembo ngati zili zoongoka, amazikhula ndi chala kuti aone ngati zifufutike, kenaka n'kutembenuza kuti aone chitsulo chakumbuyo. Wogulitsa amati, "Izi ndi orijino, bambo, zafika dzana lomweli." Iye satsutsa, ndiponso samuyesa wakuba, chifukwa amadziwa kuti mnyamatayo adazilandira m'jumbo kuchokera kwa wamalonda amene nayenso adazilandira m'jumbo. Pa mzere wonsewo palibe amene adaonapo m'kati mwake.

Kenaka amatulutsa mita. Miyendo itatu ija ndi base, collector ndi emitter. Pa 2SC5200, waya wofiira ukakhudza base, wakuda n'kukhudza umodzi mwa miyendo iwiri inayo, mita iyenera kusonyeza pakati pa 0.5 ndi 0.7 ya voti; akasinthanitsa mawaya, isasonyeze kanthu. Pa 2SA1943 zonse zimatembenuka. Pakati pa collector ndi emitter pasadutse kalikonse, ndipo mita ikalira pamenepo ndiye kuti transistor idafa kale. Amayesanso mphamvu ya iliyonse yokuzira magetsi kuti asankhe zofanana, pakuti matransistor omangidwa pa goli limodzi akasiyana kwambiri, imodzi imasenza katundu wa zinzake n'kuyamba kupsa. Opanga amalembapo chilembo R pa zokuza kuyambira ka 55 kufika ka 110, ndi O pa zokuza kuyambira ka 80 kufika ka 160.

Komatu mita imangosiyanitsa yamoyo ndi yakufa. Yoona ndi yabodza siizindikira. Poyesa imatulutsa timagetsi tochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a ampeya imodzi, chonsecho ampulifaya ikamaimba mwamphamvu imafuna maampeya angapo. Transistor yabodza imakhoza mayeso a pakauntala monga mnzake weniweni. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu suudziwa usanaung'ambe.

N'chifukwa chake mmisiriyu akafuna matransistor asanu ndi atatu amagula asanu ndi anayi. Akafika pamalo pake amatenga imodzi mosasankha, n'kuipana pa vaisi kufikira pulasitiki yakuda itasweka. M'kati mumaoneka kagalasi ka silicon, kamene ndiko transistor yeniyeniyo. Zina zonsezo ndi chovala chabe. Mu yoona kagalasiko kamakhala kotambalala ngati chikhadabo cha khanda. Mu yabodza kamakhala ngati njere ya mapira, nthawi zina kataphimbidwa ndi guluu woyera. Kagalasi kochepa sikangathe kutaya kutentha msanga, motero kamasungunuka n'kulumikiza collector ndi emitter. Pamenepo magetsi onse amathamangira ku sipika, ndipo waya wa m'kati mwake amapsa fyuzi isanaduke.

Mnyamata amene amaphunzira ntchito kwa iye adafunsapo kuti, "Amisiri, bwanji tikuswa chinthu chimene tagula ndi ndalama?" Mkuluyo adamukumbutsa nthawi imene ampulifaya imavutika koposa pa ukwati: nthawi ya perekaniperekani, dzuwa lili paliwombo, nyimbo zikutsatana maola atatu osapuma. Mawu akazima pamenepo, ovina amakhala pansi ndalama zili m'matumba, ndipo lichero la akwati limabwerera lopepuka. Ankhoswe safunsa kuti transistor idachokera kuti. Amafunsa kuti ampulifaya adapanga ndani.

Ngakhale kagalasi katamukhutiritsa, iye sathamangira kulumikiza sipika. Poyatsa koyamba amadutsitsa magetsi mu babu yakale ya mawati 100, ya kawaya koyaka m'kati. Babuyo ikawala kamphindi n'kuzilala, zonse zili bwino; ikapitirira kuwala kwambiri, penapake palakwika, ndipo babu ndiyo yamwa magetsi amene akadaotcha matransistor. Mababu otere adasowa chibwerere cha a LED, moti awiri amene adatsala nawo amawasunga ngati mazira. Pambuyo pake amaiimbitsa masana onse, akukhudzakhudza aluminiyamu uja ndi kuseri kwa dzanja.

Kudekha konseku kumakweza mtengo, ndipo makasitomala ena amapita kwa amisiri otchipa. Otsalawo amadabwa akaona kuti nthawi zina iye amakonda transistor yakale, ya mtovu kumiyendo, kuposa yatsopano yonyezimira, poti yakaleyo idaimba kale zaka zambiri osafa. Pansi pa tebulo pake pali chitini cha mkaka chodzadza ndi zibenthu za matransistor onse amene adaswa. Kasitomala akadandaula za mtengo, mmisiriyu amatulutsamo zibenthu ziwiri, cha kagalasi kotambalala ndi cha kanjere ka mapira, n'kuziika patebulo kuti mwini wake asankhe chimene akufuna kupita nacho ku ukwati.