Mafupa a ku Karonga ndi Buku la Genesis

Ophunzira ambiri a Folomu 4 a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo amasenza mtolo umene makolo awo sauona. Mkati mwa sabata mphunzitsi wa Bayoloje amawaphunzitsa kuti zamoyo zakhala zikusinthika pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni ochuluka. Likafika Lamulungu, mlaliki wina, chimkuzamawu chili pakamwa, amalengeza kuti aliyense wovomereza zimenezi wadzisandutsa mdzukulu wa nyani ndipo wakana Mlengi wake. Mwana wina amalemba yankho lolondola pa mayeso mtima ukugunda ngati waba nkhuku. Wina amaona ngati kutchalitchi amunamiza, ndipo amaleka kupondako phazi. Ana onsewa amavutika ndi mlandu umene Baibulo silinawazenge.

Zinyama zikuluzikulu zotchedwa dinosaur ana ambiri anayamba kuziona m'timanyumba toonetsera kanema, monga tija ta ku Area 23 ndi ku Mgona, ndipo anaziyesa nthabwala za azungu odziwa kujambula. Komatu m'chaka cha 1993, chimene filimu ya Jurassic Park inatuluka, akatswiri anapereka dzina lakuti Malawisaurus kwa chinyama chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma la Karonga. Mmodzi mwa akatswiriwo anali mayi wa konkuno, Elizabeth Gomani. Chinyamacho chinkayenda m'dziko lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ku Uraha, m'boma lomwelo, kunapezekanso chibwano cha munthu wamakedzana m'chaka cha 1991, ndipo zaka zake n'zoposa 2 miliyoni. Mafupawa anatuluka m'dothi lathu lomweli limene timalimapo chinangwa.

Nanga zaka 6,000 zimene alaliki ena amati ndiwo msinkhu wa dziko zinachokera kuti? M'Baibulo mulibe chiwerengero chotere. Anachitchukitsa ndi James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Ireland, amene m'chaka cha 1650 anawonkhetsa zaka za mibadwo yolembedwa m'Chipangano Chakale, nanena kuti dziko linalengedwa zaka 4004 Khristu asanabadwe. Anali munthu wophunzira ndi wakhama, koma masamu ake si Malembo.

Wophunzira wofatsa atatsegula Buku Lopatulika, lija linamalizidwa kumasuliridwa m'Chinyanja cha m'ma 1920 motsogozedwa ndi William Murray, adzapeza chinthu chimene chimathetsa mkangano wambiri. Kumayambiriro kwa Genesis kuli nkhani ziwiri za chilengedwe, osati imodzi. M'mutu woyamba zomera zimayamba, nyama n'kutsatira, ndipo mwamuna ndi mkazi amalengedwa pamodzi pamapeto. M'mutu wachiwiri mwamuna amaumbidwa ndi dothi poyamba, kenaka kumabwera mitengo ya m'munda, kenaka nyama, ndipo mkazi amafika potsiriza. Ngakhale dzina la Mulungu limasintha: mutu woyamba umangoti Mulungu, pamene wachiwiri umawonjezapo dzina lija Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova. Akatswiri a Malembo amati nkhanizi zinachokera kwa alembi osiyana a nthawi zosiyana. Amene anazisonkhanitsa sanali osaona ayi. Kusiyanako anakuona, koma anazisunga zonse ziwiri moyandikana, pakuti funso lawo linali lakuti dziko ndi la yani, ndipo munthu ali ndi udindo wanji m'menemo. Akadafuna kulemba ndondomeko ya masiku, akadafafaniza imodzi.

Palinso kachinthu kena. Dzuwa limalengedwa tsiku lachinayi, chonsecho madzulo ndi m'mawa zawerengedwa kale katatu. Origen, mphunzitsi wa Chikhristu wa ku Alexandria, anafunsa za zimenezi zaka zoposa 1,500 Charles Darwin asanabadwe, ndipo anati masikuwo sayenera kumvedwa monga masiku athu. Munthu sanganene kuti Origen anasokonezedwa ndi silabasi ya Bayoloje.

Mchewa sayenera kuvutika kumva zotere, chifukwa kalankhulidwe aka ndi kakwathu. Kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe kuli mapiri a Dzalanyama, ndipo makolo ankati kumeneko, pa Kaphirintiwa, mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula pamodzi ndi nyama, nasiya mapazi awo pathanthwe. Agogo posimba nkhaniyi ankaphunzitsa kuti moyo ndi mvula n'zochokera kwa Chauta, ndi kuti anthu ndi nyama anayamba ali pamtendere. Palibe mdzukulu amene ankafunsa tsiku ndi mwezi wake. Omasulira Buku Loyera, limene linatuluka m'chaka cha 1998, anatenga dzina lomweli la Chauta n'kuliika pamene akale analemba Yehova.

Mlaliki wa chimkuzamawu uja amalakwitsanso sayansi imene akuitsutsa. Buku la Bayoloje silinena kuti nyani wa m'phiri la Nkhoma anabereka munthu. Limati anthu ndi anyani ali ndi kholo limodzi lakalekale, monga momwe asuwani amakumanira pa agogo. Ndipo pa silabasi yomweyo pali Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a chibadwa poyesa nsawawa. Iyeyu anali wansembe wa Chikatolika, ndipo nsawawazo ankazilima m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno, pakati pa nthawi za mapemphero.