Mafelemu, Ma Shock ndi Maenje a ku Ndirande

Njinga yamoto ya kabaza ikafika pa shedi yanga, ndimayamba ndachotsa mpando n'kuyang'ana pamene ma shock akumbuyo amangirira ku felemu. Nthawi zambiri mng'alu umakhala pomwepo, kumbuyo pang'ono kwa bawuti yapamwamba, kamzere kofiira ka dzimbiri koti wothamanga sangakaone. Mwini wake amakhala atabwerera zina, mwina kaliyala ikugwedera, mwina njinga ikukokera kumanzere. Koma gwero la zonsezo limakhala kamzereko.

Ntchito yowotcherera ndinaiphunzira kwa malume anga pafupi ndi msika wa Ndirande. Ndinayambira pamene aliyense amayambira: mafelemu a zitseko ndi mawindo, mageti, mabedi, mawilibala. Zimenezo ndi zitsulo zongokhala phee, ndipo geti ngakhale litakhota pang'ono limatsekabe. Felemu ya njinga njosiyana. Pa ulendo umodzi wochoka pa Chinseu kukwera kumtunda chakuphiri, imapindika ndi kuwongoka kambirimbiri mwakuti diso silingaone, ndipo chitsulo chopindika mobwerezabwereza chimatopa. Chikatopa chimang'aluka ngakhale tsiku limene njinga yanyamula munthu mmodzi yekha.

Njinga zimene anyamata akuyendetsa masiku ano, za Lifo, King Lion, Boxer ndi zina, ndi zazing'ono, zambiri injini zake n'zapakati pa 100cc ndi 150cc. Anazipangira anthu awiri ndi kachikwama. Kuno zimanyamula anthu atatu, matumba a makala, makileti a zakumwa, nthawi zina ndi simenti yomwe. Ndirande yakhala pamtsetse wa phiri, ndiye ukangosiya phula njira yake ndi miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi othamangira ku mtsinje wa Nasolo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anazamitsa ngalandezo, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, masipeya anakwera mtengo moti munthu amene kale akanagula swing arm yatsopano, mkono wogwira tayala lakumbuyo, anayamba kubwera nayo yothyoka kwa ife.

Pempho lawo limakhala limodzi. "Madala, ingoikanipo chitsulo chokhuthala kuti chisadzathyokenso." Ena amabwera atagula kale chitsulo cha mu ring'ibimu kuti ndiwotcherere m'mbali mwa paipi. Ndimawamvetsa, chifukwa njinga zambiri si zawo. Madzulo aliwonse bwana amafuna ndalama yake, ndipo tsiku limene njinga yagona pa shedi ndi ngongole. Koma pempho limeneli ndi limene ndimalimbana nalo kuposa china chilichonse pa ntchito yanga. Mapaipi a felemu ndi opyapyala, khoma lake mamilimita awiri kapena kucheperapo. Ukamatapo chitsulo chokhuthala, malo amenewo amaumiratu, osapindikanso, ndipo mphamvu yonse ya bampu imakaunjikana pamene chitsulo chokhuthalacho chathera. Pamenepo paipi yafooka kale ndi moto wa kuwotcherera. Pakangotha miyezi yochepa imathyoka mwaukhondo, m'mphepete mwenimweni mwa chigamba, ndipo nthawi ino imathyoka kamodzin'kamodzi, munthu ali pamsewu.

Mng'alu ndimaukonza chonchi. Ndimachotsa thanki ya mafuta, n'kumasula batire ndi kabokosi ka CDI, chifukwa moto wa makina umapha zamagetsi. Ndimapala penti ndi galayinda mpaka chitsulo chiyere, kenako ndimathira palafini pang'ono, kupukuta, n'kupaka choko. Palafini wolowa mumng'alu amatuluka n'kudetsa chokocho, ndipo amandionetsa pamene mng'aluwo wathera, komwe nthawi zonse kumakhala kutali kuposa pamene diso limaganizira. Pamapeto pakepo ndimaboola kabowo kakang'ono kuti usapitirire. Ndikatero ndimakumba kangalande motsatira mng'alu, n'kutenga rodi ya mamilimita 2.5, moto wochepa. Makina ambiri kuno ndi okulunga tokha ndi mawaya, ndipo moto wake ndi waukali, woti geti umalikonda koma paipi ya njinga umaiboola nthawi yomweyo. Choncho sindikoka mzere wautali. Ndimadontheza apa, kudumphira mbali inayo, kudikira kuti pazizire, kugogoda makoko, n'kubwereranso. Madzi sindithirapo ngakhale mwini njinga akuyang'ana wotchi. Chigamba chikafunika, chimakhala chopyapyala ngati paipi yomweyo, chosongoka kumapeto kuti kuuma kwake kuzitha pang'onopang'ono, ndipo ndimachiika m'mbali mwa paipi, osati pamwamba kapena pansi pamene imakokeka kwambiri.

Zambiri mwa izi ndinazimvetsa bwino chifukwa cha njinga ya matayala anayi, imene eni ake amaitcha quad. Munthu wina wa famu chakumpoto kwa Thyolo anabwera nayo pa pikiapu itagunda chitsa, mkono wakutsogolo kumanja utapindika. Sipeya yake inali yoti aitanitse ku Johannesburg. Tayala lililonse lakutsogolo la njinga zimenezi limagwiridwa ndi mikono iwiri yooneka ngati chilembo cha A, wina pamwamba wina pansi, shock ili pakati. Kumbuyo kuli ekiselo imodzi yolimba yomangiriridwa ku swing arm. Ndinamasula mkono wabwino wa kumanzere, kuugoneka pa chitsulo chophwatalala, n'kuwotcherera timapini pamene pali mabowo ake onse atatu, motembenuza kuti zikhale za mbali inayo. Chimenecho ndi chimene amachitcha jig. Paipi yatsopano ndinaidula, kuisema kumapeto kuti ikumbatire inzake popanda mpata, n'kuiwotcherera itamangidwa mu jig kuti moto usaikoke.

Ndisanabweze shock, ndinakweza ndi kutsitsa tayala ndi dzanja, n'kuona chinthu chimene pa njinga ya matayala awiri palibe. Kuchokera ku chiwongolero kupita ku tayala kuli ndodo, tie rod, ndipo ndodoyi iyenera kuyenda mogwirizana ndi mikono ija. Ikatalika kapena kupendekeka mosiyana nayo, tayala likamakwera pabampu limadzikhotetsa lokha, woyendetsa asanagwedeze mahandulo. Mamilimita ochepa okha pa bowo limodzi angapangitse quad kudumphira kutchire. Anthu opanga njinga zampikisano vuto limeneli amalitcha bump steer, ndipo amatha masiku akulithamangitsa.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutsata ntchito yawo pa YouTube, bandulo ikapezeka. Mbiri yawo inandigwira mtima. Kampani ya Suzuki ndi imene inatulutsa njinga yotere ya matayala anayi mu 1982, n'kudzatulutsa yampikisano, LT250R, mu 1985. Honda inabwera ndi TRX250R mu 1986 koma inasiya kuipanga mu 1989. Othamanga ku America anaikonda kwambiri njinga imeneyi moti fakitale italeka, timashopu ta owotcherera ngati Laeger's, Lonestar Racing ndi Roll Design tinayamba kupanga mafelemu atsopano otengera miyeso yake, olimba kuposa oyambawo, ndi mikono yotalikirapo. Kwa zaka zambiri mipikisano inkayenda pa mafelemu opangidwa ndi manja. Anali amisiri ngati ife, okhala ndi jig ndi tepi, kungoti zipangizo zawo ndi zina. Amagwiritsa ntchito paipi ya chromoly 4130, imene imapangiranso mafelemu a ndege zing'onozing'ono, yopepuka koma yolimba, ndipo amawotcherera ndi makina a TIG a mpweya wa argon, osatulutsa makoko. Ife kuno tili ndi paipi wamba yakuda, imene timasankha m'mashopu a mu Limbe ndi ku Ginnery Corner kapena kwa ogulitsa zitsulo zakale. Paipi ya madzi, yoyera ija, sindiigwiritsa ntchito pa njinga. Njolemera pachabe, ndipo utsi wake ukaiwotcha umadwalitsa.

Mpikisano wa ma quad ku Ndirande kulibe, ndipo sindikuganiza kuti wakabaza akufunika kudumpha zitunda. Koma funso limene amisiri amenewo amadzifunsa asanadule paipi ndi lomwe ine ndimadzifunsa: tayala likagwa m'dzenje, mphamvu imeneyo idutsa kuti, nanga ikathera kuti? Iwo amatalikitsa mikono kuti njinga itambalale mpaka mainchesi 50, pafupifupi masentimita 127, amene ndi malire pa mipikisano ya motocross ku America, chifukwa chinthu chotambalala ndi chachifupi sichigudubuka msanga. Njinga zoyamba za mtundu umenewu zinali za matayala atatu, ndipo zinapha ndi kuvulaza anthu ambiri pokhota, mpaka mu 1988 makampani anavomera kusiya kuzigulitsa ku America. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamapanga njinga ya matayala atatu ya munthu wolumala, yopalasa ndi manja ija. Pamalo athyathyathya ilibe vuto, koma pamtsetse wa ku Malabada kapena ku Goliyo, mpando ukakwera masentimita ochepa, munthu amagwa chammbali, ndipo ndi munthu woti sangaponde pansi kuti adzitchinjirize. Ndimatsitsa mpando, kutambalitsa matayala akumbuyo mpaka pamene ingalowebe pakhomo la nyumba, n'kuwapendeketsa pang'ono kuti pansi atalikirane kuposa pamwamba. Achibale ena amadandaula kuti yafupika. Ndimawauza kuti akaiyese potsetsereka kaye.

Pa ma shock m'pamene anyamata amataya ndalama zambiri. Shock ili ndi ntchito ziwiri. Sipuling'i imanyamula kulemera, pamene oyilo wamkati, podutsa m'timabowo, amaletsa sipuling'iyo kubwerera mwaukali. Oyilo akatuluka, ndipo umadziwa poona fumbi lakuda lomata pandodo yake, njinga imangodumphadumpha ndipo tayala limakhala nthawi yambiri m'mwamba. Tayala losagwira pansi lilibe buleki. Zikatero mnyamata amathamangira kukagula masipuling'i olimba kwambiri, kapena kundipempha kuti ndiwonjezere ma shock ena awiri akhale anayi. Njinga imaoneka yamphamvu, inde, ndipo ikasenza makala siikhala pansi. Koma ikatsitsa katundu imasanduka ngolo. Bampu lililonse limapita molunjika mufelemu ndi mumsana wa woyendetsa, ndipo ndi anyamata ambiri osafika zaka makumi atatu amene amatsika panjinga atagwira m'chiuno. Taonani mayi wosenza ndowa yodzadza akamatsika njira za kuno: khosi lili chilili, mawondo ndi amene akumeza miyala, madzi osatayika. Mutamumanga mawondowo, ndowa singafike pakhomo.

Ampikisano ali ndi muyeso umene ndinautenga wonse. Woyendetsa akakhala panjinga, shock iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wake. Gawo limenelo ndi limene limalola tayala kutsikira m'dzenje n'kugwirabe pansi, ndipo magawo awiri otsalawo ndi omeza bampu. Ndimayeza ndi tepi kuchokera pa ekiselo kufika pa bawuti ya kaliyala, njinga itanyamulidwa, kenako mwini wake atakwera ndi katundu amene amanyamula masiku onse. Ma shock ambiri a njinga zimenezi ali ndi kolala ya masitepe pansi pa sipuling'i, yoti ungaizungulize ndi sipanala kuti ilimbe kapena ifewe. Ambiri sanaikhudzepo chigulireni njingayo. Kangapo ndabweza munthu ndi ndalama yake m'thumba nditangozunguliza kolalayo.

Kaliyala nayo ili ndi nkhani yake. Aliyense amafuna yaitali, yotulukira kumbuyo kupitirira nambala. Katundu akakhala kumbuyo kwa ekiselo amanyamula tayala lakutsogolo, mahandulo amapepuka, ndipo pokwera chitunda njinga imafuna kuimirira. Kulemera kumeneko n'kumenenso kumapinda mchira wa felemu n'kubala mng'alu wa pansi pa mpando. Ndikamapanga kaliyala ndimaikokera kutsogolo mmene ndingathere, n'kuika timiyendo tiwiri totsikira pamene pamapondera wokwera kumbuyo, kuti pakhale makona atatu. Ndimaimanga ndi mabawuti, osaiwotcherera ku felemu, kuti ikadzalemedwa kwambiri ithyoke ndi kaliyala yotchipa, felemu itsale.

Pali ntchito zimene ndimakana. Khosi la felemu, pamene pamalowa foloko, likang'aluka mozungulira sindiligwira. Foloko yopindika sindiiwongola ndi moto. Wina anandikwiyira, nati, "Achimwene, inu ndalama simukuifuna?" Ndalama ndimaifuna, ana anga amadya pomwepa. Koma khosi likaduka njinga ikutsika msewu wa Makata, woyendetsa ndi wokwera onse amagwa chamutu, ndipo wodi ya mafupa ku chipatala cha Queens ndi yodzadza kale ndi anthu a ngozi za njinga. Ndikudziwa kuti ndikakana amapita pa shedi ina. Chimene ndimachita ndi kumuonetsa mng'aluwo ndi chala chake, kuti akamapita apite akudziwa chimene wakwera.

Njinga imene ndaikonza siichoka ndisanaikoke chingwe. Ndimamanga ulusi mbali zonse ziwiri kuchokera ku tayala lakumbuyo kupitirira lakutsogolo, ndipo mpata wa kumanja ndi wa kumanzere uyenera kufanana. Ukasiyana ndiye kuti moto wakoka felemu kapena tcheni anaimanga mopendekera. Kenako timamanga matumba awiri a mchenga, mnyamata amene ndikumuphunzitsa n'kukwera nayo njira yamiyala yopita kuphiri, kutsika, ine n'kupakanso palafini ndi choko njinga ikazizira. Pamene ndawotcherera ndimapaka girizi pang'ono m'malo mwa penti, chifukwa penti imabisa mng'alu watsopano, ndipo ndimauza mwini wake kuti, "Aise, ubwere nayo Loweruka ndidzaionenso, kupenta tidzapenta pomwepo." Kuonanso kumeneko sindilipiritsa, ndipo amene sabwera ndimakamupeza ndekha pa siteji ya pamsika.