Ng'ona ya ku Mwakasyunguti

Ife amene tinakulira m'mphepete mwa mtsinje timaidziŵa ng'ona monga chilombo chobisalira anthu padooko. Sitafuna ayi. Ikagwira mbuzi imangoipotokola, kuikhadzula ndi kumeza. Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko ndinkaphunzitsa ana zomwezi, ndipo n'zoona ndithu. Komatu nthaka ya ku Karonga yaonetsa kuti kalekale ng'ona inali ndi abale a khalidwe lina.

Ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, kuli nthaka imene inakwirira nyama zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mafupa ake n'kusanduka miyala. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akatswiri a kuno kwathu anakumba kumeneko pamodzi ndi Louis Jacobs wa ku America. Ambiri amasimba za Malawisaurus, chinyama chachitali khosi chija chimene chifaniziro cha mafupa ake chinaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga. Ine mtima wanga uli pa kanyama kena kamene kanapezeka pamalo omwewo.

Kanali kang'ona ka masentimita pafupifupi 60, kofupikirapo kusiyana ndi mng'azi waukulu. Kankakhala kumtunda, ndipo chifukwa cha kaumbidwe ka miyendo yake yam'tsogolo, akatswiri akuganiza kuti kankakumba una. Chodabwitsa chenicheni chili m'kamwa. Mano a ng'ona ya lero ngosongoka onse ngati zisonga, koma mano am'mbali a kanyamaka anali ndi timitumitu, monga a nyama zoyamwitsa. Chibwano chake cham'munsi chinkasuntha m'tsogolo ndi m'mbuyo, kuphwanya chakudya chisanamezedwe. Taganizani, ng'ona yotafuna! Mwana wa sukulu akadandilembera zimenezi m'mayeso kale, akadalandira cholembera chofiira.

Amene anakalongosola ndi kukapatsa dzina mu 1997 ndi Mmalaŵi mnzathu, mayi Elizabeth Gomani. Anakatcha Malawisuchus mwakasyungutiensis, ndiko kuti ng'ona ya ku Malaŵi, ya ku Mwakasyunguti. Ndimakondwa ndikamaganiza kuti ophunzira a ku London ndi ku Tokyo amapinda lilime kuti atchule dzina la mudzi umene ngakhale ambiri a ife a kumwera sitinaupondemo.

Abale ake apezeka ku Tanzania, ndiponso ku Brazil ndi ku Argentina. Sanachite kusambira: makolo awo anafalikira pa nthaŵi imene Africa ndi South America zinali dziko limodzi, nyanja ya Atlantic isanazilekanitse.