Nyumba Imene Inamangidwa Kuti Amphawi Aziiopa

Mu mzinda wa Limerick, m'dziko la Ireland, muli chipatala cha okalamba chotchedwa St Camillus. Tikamva dzina limeneli tingaganize kuti malowo anapatulidwira odwala kuyambira pachiyambi. Koma pamene anatsegulidwa m'chaka cha 1841 sanali chipatala konse. Anali nyumba yosungiramo amphawi ndi kuwagwiritsa ntchito, imene pa Chingerezi ankaitcha workhouse.

Lamulo lokhazikitsa nyumba zoterezi m'Ireland linaperekedwa mu 1838, dzikolo lidakali m'manja mwa Angerezi. Mnyamata wina wa ku England, George Wilkinson, anapatsidwa ntchito yojambula mapulani a nyumba 130, ndipo pafupifupi zonse zinamangidwa mofanana. Ya ku Limerick inali ya anthu 1,600. Nzeru ya boma inali yakuti moyo wa m'katimo ukhale wowawa kuposa wa munthu wosaukitsitsa wa kunja, kuti pasapezeke wina wogogoda pakhomo pokhapokha njala itamufika pakhosi.

Nzeru imeneyi inalembedwa m'miyala. Kutsogolo kunali nyumba yaing'ono yolandiriramo anthu. Chipinda chokumaniramo akuluakulu chinalinso momwemo. Kumbuyo kwake kunali nyumba yaikulu yogona, woyang'anira akukhala pakati penipeni kuti aziona mbali zonse. Malo a odwala anakankhidwira kumapeto. Makoma a m'kati sanali opaka pulasitala, ankangowazira laimu, ndipo anthu ankagona pa matiresi a udzu. Komatu chimene chimatibaya mtima ndi mabwalo. Analipo anayi, lililonse ndi mpanda wake: la amuna, la akazi, la anyamata ndi la atsikana. Banja linkaloledwa kulowa pokhapokha litabwera lonse, ndipo likangolowa linkagawidwa pomwepo. Bambo uku, mayi uko. Mwana wopitirira zaka ziwiri ankachotsedwa m'manja mwa mayi wake.

Chipinda chodyera ndicho chinkakhalanso tchalitchi. Tiyerekeze mayi atagwada pa Misa, milomo ikuyankha mapemphero, maso akufunafuna kamutu ka mwana wake pakati pa ana a eni. Ife amene timati chimene Mulungu wamanga munthu asachilekanitse, tiyenera kukumbuka kuti mipanda ija anaimanga anthu obatizidwa, ndipo ankakhulupirira kuti akuthandiza.

Mu 1845 mbatata ya kachewere, imene inali chakudya chenicheni cha amphawi, inayamba kuola m'minda. M'zaka za njala imeneyo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anamwalira, ndipo nyumba zimene zinamangidwa kuti aziziopa zinadzaza mpaka kusefukira. Malungo a nsabwe ndi kamwazi zinatha anthu. Boma linaitanitsa chimanga ku America, koma eni dziko sankachidziwa. Chinkagayidwa mosafewa ndi kuphikidwa mosapsa, chimanga chathu chomwechi, mpaka kuwadwalitsa m'mimba.

Njala itapita, otsala m'nyumbazi ambiri anali okalamba, odwala ndi ana amasiye. Ankawasamala ndi amphawi anzawo, osaphunzira za unamwino. Tsono mu 1861 asisiteri a chipani cha Sisters of Mercy, chimene Catherine McAuley anayambitsa ku Dublin mu 1831, analoledwa kusamala odwala m'nyumba ya ku Limerick. Aka kanali koyamba m'Ireland yense, ndipo malo ena anatsatira. Sitinena kuti zonse zinakoma tsiku lomwelo. Mipanda inali ikadalipo, malamulo anali omwe aja, ndipo manyazi a dzina la workhouse anakhalitsa, kotero kuti ngakhale boma latsopano la Ireland litathetsa dongosololi m'zaka zoyamba za m'ma 1920, nkhalamba zambiri zinkaopabe kukafera kumeneko. Chimene chinayamba kusintha ndi funso lofunsidwa pakhomo. Kale ankafunsa ngati munthuyo akuyeneradi kuthandizidwa. Namwino amafunsa pamene pakupweteka.

Funso loyamba lija sitinalisiye ku Ulaya. Timalimva m'misonkhano ya mphakati pogawa thumba la ufa, pamene tiwerenga maina a osowa mokweza ndi kukambirana za ulesi wao iwo ali pomwepo. Timalimvanso m'nyumba zathu, gogo akamadyera payekha kuseri kwa khitchini chifukwa amatayira msuzi pa malaya.

Nanga Kamilo Woyera, mwini dzina la chipatalachi, anali yani? Anabadwa ku Italy mu 1550. Anali msilikali wokonda juga, wa chilonda chosapola pamwendo, ndipo atataya zonse anafika popempha pakhomo la tchalitchi ku Manfredonia. Pambuyo pake anatembenuka mtima, nayambitsa chipani chotumikira odwala, ndipo mu 1886 Papa Leo XIII anamutcha nkhoswe ya odwala ndi zipatala. Akanagogoda ku Limerick mu 1841, akanamuvula zovala zake, kumulowetsa m'bwalo la amuna ndi kumupatsa nyundo yophwanyira miyala.